MAPAIPI OKALAMBA A MUMZINDA WA BLANTYRE



Nkhani yathu lero ndi ya chinthu chimene chimakhala pansi pa nthaka, chimene ambiri a ife sitichikumbuka kufikira tsiku limene chaphulika pakati pa msewu. Tikunena mapaipi a madzi a mumzinda wa Blantyre, makamaka a m'madera mmene mumakhala anthu ambiri monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Wina wa ku Mzimba kapena ku Dedza angafunse kuti za mapaipi a ku Kabula zimukhudza bwanji iye. Tikupemphani kuti mutchere khutu mpaka pothera, pakuti mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa aliyense amene amatunga madzi pampope. Paipi imakalamba monga munthu, ndipo mzinda umene suganizira za ukalamba wa mapaipi ake umalipira mtengo wowawa.

Tiyambe ndi masiku amene kudalibe mpope ndi umodzi womwe. Amang'anja ndi Ayao amene ankakhala m'dera lino ankamwa madzi a m'mitsinje ya Mudi, Nasolo, Naperi ndi Lunzu, yotsika m'mapiri ozungulira monga Ndirande ndi Soche. Mapiriwo adali ndi mitengo yambiri, ndipo mitsinje inkayenda chaka chonse. M'chaka cha 1876 amishoni a Church of Scotland adafika m'dziko la mfumu Kapeni namanga mishoni imene adaitcha Blantyre, dzina la mudzi umene David Livingstone adabadwira ku Scotland. Posakhalitsa adakumba ngalande yopatutsira madzi a mumtsinje kuti afike pamishoni ndi kuthirira minda yawo. Tingati ngalande imeneyo ndiyo gogo wa mapaipi onse a mumzindawu.

Pambuyo pa amishoni padabwera amalonda. Kampani ya African Lakes idakhazikika pa Mandala, amwenye adatsegula masitolo, ndipo m'chaka cha 1895 Blantyre idakhala ndi khonsolo yakeyake. Njanji itafika m'chaka cha 1908, tauni ya Limbe idayamba kukula pambali pake. Zitsime ndi anthu osenza madzi sadathenso kukwanitsa ludzu la tauni. Motero m'chaka cha 1929 padamangidwa damu la Hynde pamtsinje wa Mudi, ndipo bungwe loona za madzi la Blantyre Water Board, limene ambiri timangoti a Watabodi, limawerenga chiyambi chake kuchokera chaka chimenecho.

Apa pali mfundo yofunika kuigwira bwino. Mapaipi oyambawo adayalidwa kuti atumikire tauni yaing'ono ya azungu ndi amwenye, maofesi a boma ndi nyumba za malonda. Anthu akuda amene ankagwira ntchito m'tauniyo ankagona kunja kwa malire ake, m'midzi monga ya ku Ndirande, nalawirira wapansi m'mawa uliwonse. Paipi sidawatsate kumeneko. Iwo adapitiriza kutunga m'mitsinje ndi m'zitsime zosatetezedwa. Chotero kuyambira pachiyambi penipeni, mapaipi akuluakulu adalunjika kumene kudali anthu ochepa, ndipo kumene kudali khwimbi la anthu madzi adafikako mochedwa, kudzera m'timapaipi tating'ono tolumikizalumikiza.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu adachuluka m'tauni. Chilala chimene chidadzetsa njala yoopsa ya 1949 chidaonetsa poyera kuti kudalira timitsinje ta m'mapiri nkudzinamiza. M'zaka za m'ma 1950 padamangidwa damu lalikulupo la Mudi m'munsi mwa phiri la Ndirande, ndipo mu 1956 Blantyre ndi Limbe zidaphatikizana kukhala tauni imodzi. Koma ngakhale damu latsopanolo lidachepa. Akatswiri adayang'ana kumadzulo, kumtsinje wa Shire umene suphwa, ndipo m'chaka cha 1963 makina opopera madzi a ku Walker's Ferry adayamba kugwira ntchito.

Taimani pang'ono, omvera, muganizire ulendo wa madzi amenewa. Kuchokera ku Walker's Ferry kufika mumzinda pali mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo mzindawo uli pamwamba, kotero kuti madzi ayenera kukwezedwa mamita pafupifupi 800. Akale adati madzi saiwala khwawa, kutanthauza kuti mwachibadwa amatsetsereka. Koma madzi a Blantyre amakwera phiri. Amapopedwa ku Shire, natsukidwa, nakankhidwa mpaka ku Chileka, kumene makina ena amawalandira ndi kuwakankhanso kufikira alowe m'matanki a pamapiri a mumzinda. Ntchito yonseyi imadya magetsi ochuluka zedi, ndipo bilu ya magetsi ndi imodzi mwa ndalama zazikulu zimene bungwe la madzi limalipira. Magetsi akazima, nawonso mipope imauma. Kwa zaka zambiri madzi ochuluka koposa a mumzindawu akhala akuchokera ku Shire mwa njira imeneyi. Ndowa iliyonse imene mayi wa ku Zingwangwa amasenza idakwera kale phiri isadafike pamutu pake.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma lidakhazikitsa bungwe lomanga nyumba la Malawi Housing Corporation. Kuwonjezera pa nyumba za lendi, bungweli lidatsegula madera amene munthu ankapatsidwa puloti kuti amangepo yekha nyumba monga mwa mphamvu zake. Madera otere adatsegulidwa ku Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, Ndirande, ndipo pambuyo pake ku Machinjiri, kumene m'mabuku a boma kumatchedwa South Lunzu. M'madera amenewa madzi ankatungidwa pamipope ya onse, ndipo puloti iliyonse inkakhala ndi chimbudzi chokumba. Mapaipi ake adayezedwa molingana ndi banja limodzi papuloti imodzi.

Koma taonani mmene chiwerengero cha anthu chidayendera. Kalembera wa 1966, chaka chimene Blantyre idakwezedwa kukhala mzinda, adapeza anthu pafupifupi 109,000. Mu 1977 adali pafupifupi 219,000, mu 1987 adaposa 330,000, mu 1998 adaposa theka la miliyoni, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000. M'zaka 52 anthu adachuluka kasanu ndi kawiri. Papuloti pamene padali banja limodzi padamera timanyumba ta lendi kumbuyo ndi m'mbali. Anthu ena adakwera m'mapiri namanga mmene mudalibe mapulani konse, ena adamanga pamwamba penipeni pa mapaipi osadziwa. Makina a ku Walker's Ferry adakulitsidwa kangapo, koma paipi yaing'ono ya mumkwalala idangokhala yomweyo, ikusenza katundu amene sadaiyezere.

Tsono tifunse, kodi mapaipi amene adakwiriridwa m'zaka zimenezo adali otani? Padali mitundu itatu ikuluikulu. Woyamba ndi wa chitsulo chokhuthala, wa mapaipi akuluakulu otenga madzi kuchokera kumatanki. Wachiwiri ndi wa simenti yosakaniza ndi ulusi wa mwala wotchedwa asbestos. Mtundu umenewu udatchuka padziko lonse kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1970 chifukwa udali wotsika mtengo ndipo suchita dzimbiri. Wachitatu ndi wa chitsulo chokutidwa ndi zinki, umene amisiri amautcha galvanaizi, ndiwo unkalowa m'mapuloti ndi m'nyumba.

Uliwonse wa mitundu imeneyi uli ndi ukalamba wake. Paipi ya asbestos imafewa pang'onopang'ono pamene madzi ndi dothi zikudya simenti yake, ndipo pomalizira imathyoka ngati mbale yadothi, makamaka nthaka ikagwedezeka kapena galimoto lolemera likadutsa pamwamba. Paipi ya galvanaizi imayamba kuwola m'kati. Zinkiyo ikatha, dzimbiri limamera ngati njerewere, njira ya madzi nichepa, mpaka paipi imene poyamba munkalowa chala chachikulu imatsala ndi kabowo kolowa udzu. Kunja ikhoza kuoneka yolimba ndithu, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Moyo wa paipi yotere kawirikawiri ndi zaka 40 kapena 50. Werengani nokha: paipi imene idalowa pansi mu 1970 idatha kale zaka zake.

Pali chinanso chimene chimafulumiza imfa ya paipi, ndicho kubwera ndi kutha kwa madzi. Paipi imafuna kukhala yodzaza nthawi zonse. Madzi akatha mumalowa mpweya, ndipo akabwerera mwamphamvu amamenya m'mfundo ndi m'makona ngati nyundo. M'madera mmene madzi amabwera pakati pa usiku ndi kutha m'mawa, mapaipi amamenyedwa motere tsiku ndi tsiku. Komanso mzinda wa Blantyre ndi wa zitunda ndi zigwa. Kuti madzi afike kwa wokhala pamwamba pa Bangwe kapena m'mphepete mwa Michiru ku Chilomoni, wa m'chigwa amalandira mphamvu yopitirira, ndipo kumeneko ndiko mapaipi amaphulika kawirikawiri.

Zotsatira zake nzotani? Choyamba ndi kutayika kwa madzi. M'zaka zapitazi malipoti akhala akusonyeza kuti pafupifupi theka la madzi amene bungwe la madzi la Blantyre limatsuka ndi kupopa silibweretsa ndalama. Ena mwa madzi amenewa amabedwa ndi anthu olumikiza mapaipi mozemba, ena sawerengedwa chifukwa cha mamita owonongeka, koma ochuluka amangolowa m'nthaka kudzera m'mapaipi obooka. Kumbukirani kuti awa ndi madzi amene athiridwa mankhwala nakwezedwa phiri ndi magetsi odula. Madzi akatayika saoleka, koma bilu yake imatsala, ndipo amaisenza ndi amene amalipira mokhulupirika.

Amene amamva kuwawa koposa ndi osauka. Banja lopanda mpope pakhomo limagula madzi pa kiyosiki, kapena kwa mnansi amene ali ndi mpope, ndipo kawirikawiri limalipira zambiri pa ndowa imodzi kuposa wa m'nyumba yabwino amene madzi amamupeza m'bafa. Nawo makiyosiki ali ndi mbiri yawo. Itatha 1994, ambiri adagwera m'manja mwa makomiti amene adalowereredwa ndi ndale, ndalama zinkasowa, ngongole zidakula, ndipo mipope yambiri idatsekedwa. Pofuna kukonza zimenezi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 mudayamba kukhazikitsidwa mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi, amene amalemba ntchito ogulitsa madzi ndi kulipira bilu ku Watabodi. Njira imeneyi idatsegulitsa makiyosiki ambiri. Komabe kiyosiki yoyendetsedwa bwino ilibe phindu ngati paipi yoibweretsera madzi yaphulika kumtunda. Mpope ukauma, mayi amadzuka usiku kukadikira pamzere, kapena amatsikira ku Nasolo ndi ku Mudi, mitsinje imene lero imanyamula zonyansa za mzinda wonse.

Chachiwiri, ndipo choopsa kwambiri, ndi matenda. Ambiri amaganiza kuti paipi yobooka imangotulutsa madzi. Zoona zake nzakuti imathanso kuyamwa. Pamene madzi atha, m'paipi mumakhala ngati m'kamwa mwa munthu woyamwa bango, ndipo ngati bowo lili pafupi ndi ngalande ya zonyansa kapena chimbudzi chokumba, uve umalowa. Madzi akabwerera amanyamula uvewo kukaupereka pampope. Ku London m'chaka cha 1854, dokotala John Snow adatsata imfa za kolera napeza kuti zinkachokera pachitsime chimodzi cha mumsewu wa Broad Street, chimene madzi ake adasakanikirana ndi zonyansa za m'dzenje lapafupi. Phunziro limenelo silidakalambe. Mliri wa kolera umene udayamba kuno kwathu mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700, ndipo Blantyre idali imodzi mwa malo okhudzidwa kwambiri, kotero kuti mu Januwale 2023 sukulu za mumzindawu zidachedwa kutsegulidwa. Kolera ali ndi njira zambiri, koma kusowa kwa madzi aukhondo m'madera othithikana ndiko khomo lake lalikulu. Mliriwo usadathe, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, nakwirira nyumba ku Chilobwe, nakokolola mapaipi pamodzi ndi milatho imene adadutsapo.

Nanga chachitika nchiyani pofuna kuchiza nthendayi? Lamulo la madzi la 1995 lidakonzanso mabungwe a madzi kuti aziyenda ngati makampani odzidalira. M'chaka cha 2019 padatsegulidwa ntchito yotenga madzi mumtsinje wa Likhubula paphiri la Mulanje, yomangidwa ndi ngongole yochokera ku India. Madzi amenewa amatsukidwa ku Nguludi ndipo adakonzedwa kuti azifika malita 20 miliyoni patsiku, ndiko kuti ndowa miliyoni imodzi za malita 20, kuthandiza madera a kummawa monga Bangwe ndi Limbe. Imeneyi idali ntchito yaikulu. Koma kuthira madzi atsopano m'mapaipi akale kuli ngati kutungira m'dengu. Nchifukwa chake thandizo la madola 145 miliyoni limene World Bank idavomereza mu 2023 kaamba ka madzi ndi ukhondo mumzinda wa Blantyre lili ndi gawo lokonza ndi kusintha mapaipi a m'makwalala.

Kusintha paipi yakale si ntchito yokoma m'maso. Palibe amene amadula riboni pa ngalande yokwiriridwa, ndipo mwina nchifukwa chake ntchitoyi yakhala ikutsalira m'mbuyo pamene madamu ndi matanki akumangidwa. Amisiri ayenera kuyamba apeza kumene paipi yakale idadutsa, pakuti mapu ena ndi akalekale ndipo pamwamba pake pali nyumba, mipanda ndi magolosale. Kenaka akumbe m'tinjira topapatiza, ayale paipi yatsopano, aiyese ngati sikudontha, aitsuke ndi mankhwala, ndipo pomaliza asamutsire nyumba iliyonse ku paipi yatsopanoyo. Masiku ano amayala mapaipi a pulasitiki, ena oyera kapena obiriwira otchedwa PVC, ena akuda opindika otchedwa HDPE. Awa sachita dzimbiri, ndipo akudawo amabwera ataliatali, kotero kuti mfundo zimachepa, pakuti pamfundo ndi pamene kudontha kumakonda kuyambira. Paipi ya asbestos imafuna kusamala poichotsa. Kuopsa kwake kwakukulu kuli m'fumbi limene limatuluka poidula, limene limawononga mapapo a wolipuma. Choncho mukaona zidutswa zake zitatayidwa, musazitole kuti mukapangire mafuwa kapena ngalande ya pakhomo, ndipo ana asaseweretse.

Tsopano tifike pakhomo panu, pakuti mbiri imeneyi imathera pampope wanu. Mwa dongosolo lake, bungwe la madzi limasamala paipi kufikira pa mita, ndipo kuchokera pa mita kulowa m'nyumba udindo ndi wa mwini nyumba. Nyumba zambiri zakale za ku Ndirande, Chilomoni ndi Zingwangwa zikadali ndi galvanaizi wa tsiku limene zidamangidwa. Zizindikiro za ukalamba wake nzosabisika: madzi ofiirira m'mawa, mpope wotuluka mofooka pamene wa mnansi ukuthamanga, khoma lonyowa, kapena malo amene udzu umabiriwira ngakhale m'chilimwe. Pali njira yapafupi yodziwira. Tsekani mipope yonse, muwerenge manambala a pa mita, mudikire ola limodzi, muwerengenso. Ngati asuntha, madzi akuthawira penapake. Bowo lodzaza ndowa imodzi pa ola limataya ndowa 24 patsiku, ndipo pamwezi ndi ndowa 720.

Ambiri a ife tikaona podontha timathamangira legeni, nkumanga. Legeni imagwira sabata imodzi kapena ziwiri, koma paipi imene yaboola pamodzi chifukwa cha dzimbiri yawola ponseponse, ndipo mawa idzaboola pena. Chanzeru ndi kuitana pulambala wodziwa ntchito kuti asinthe mzere wonse kuchokera pa mita. Ngati ndalama zachepa, yambani ndi gawo la pansi pa nthaka, pakuti ndi limene limataya madzi mosaoneka. Paipi yatsopano ikwiriridwe mozama bwino kuti khasu ndi matayala zisaipeze, ipite kutali ndi chimbudzi ndi dzenje la zinyalala, ndipo ya pulasitiki isasiyidwe padzuwa chifukwa imauma nkusweka. Ya madzi otentha ikhale ya mtundu wopirira kutentha. Ndipo lembani papepala pamene yadutsa, kuti ana anu asadzavutike kuifunafuna monga akuvutikira amisiri a lero. Eni nyumba za lendi akumbukire kuti bilu yokwera chifukwa cha paipi yowola si mlandu wa okhala m'nyumbamo.

Inu a m'maboma ena, nkhaniyi ndi yanunso. Kuyambira m'chaka cha 1968 ku Chingale m'boma la Zomba, anthu a m'midzi adakumba ndi manja awo ngalande zotalika nayala mapaipi otsitsa madzi kuchokera m'mapiri, ndipo ntchito yodzithandizayi idafalikira ku Mulanje ndi kumadera ena mpaka mbiri yake idamveka kunja kwa Malaŵi. Mapaipi amenewonso akalamba, ndipo mipope yambiri idauma chifukwa padalibe thumba la ndalama zosinthira zimene zatha.

Makolo athu adagwira ntchito yawo. Adatseka Mudi, adakweza Shire pamwamba pa phiri, adakumba ngalande m'midzi. Chimene sichidakonzedwe mokwanira ndi tsiku limene zonsezi zidzakalambe, ndipo tsikulo lidafika. Mbadwo uno ntchito yake ndi kufukula zakale ndi kuyala zatsopano, kunena msanga paipi ikaphulika, kukana olumikiza mozemba ndi akuba mamita, kusamanga nyumba pamwamba pa paipi, ndi kufunsa a khonsolo ndi a bungwe la madzi kuti chaka chino asintha mapaipi a m'dera liti. Ndipo pamene tikuyala atsopanowo, tilembe chaka chake, podziwa kuti nawonso adzakalamba ndipo adzafuna wowasintha.